Kumbuyo kwa Mfuti ya Akamwini

"Munthu akakuuza kuti mumfutimu mulibe chipolopolo, usatsutsane naye. Ingochoka pamene yaloza."

Amenewo ndiwo mawu achikondi amene malemu amuna anga anandipatsa titangolowa m'banja. Anzanga ankauzidwa za maso awo ndi mwanyanya wa mano awo, ine ndinauzidwa za chipolopolo. Ndinawafunsa kuti, "Nanga wonenayo mukakhala inuyo?"

Iwo anati, "Makamaka ineyo, chifukwa ndi ine ndekha amene ungandikhulupirire."

Mawuwo ndakalamba nawo, ndipo ndawagwiritsa ntchito pa zinthu zambiri zimene sizilira n'komwe. Wogulitsa nsomba mumsika wa Limbe akati, "Za lero izi, mayi," ndimanunkhiza ndekha. Woitanira minibasi akati, "Watsala mmodzi, tikunyamuka pompano," ndimasuzumira kaye kuti ndione ngati okhala m'katiwo si anzake omwe. Anthu a kuno ku Soche amati sindikhulupirira munthu aliyense. Amanena ngati ndi matenda. Mulungu ndimamukhulupirira, koma ngakhale m'nyumba yake ndimakhala pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo.

Amuna anga ankagwira ntchito ku njanji ku Limbe. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo anawasiyira zinthu ziwiri: chilankhulo chotukwanira akapsa mtima, ndi munda cha ku Mpemba. Mfuti anaipeza okha, ndi mapepala ake onse, chifukwa cha nkhanga ndi apusi amene ankakolola mundawo ife tisanakolole. Inali ija yothyola pakati. Ukaithyola, kumbuyo kwa mpope kumaonekera, ndipo ngati mulibe kanthu umaona kuwala kwa dzuwa kukudutsamo. Kuchoka kunyumba inkayenda m'thumba lake, yothyola, zipolopolo zili m'thumba la jekete. Tikafika pakhwawa loti tidumphe, ankayang'anamonso, ngakhale anali atayang'anamo kumsewu. Ankaikamo chipolopolo pokhapokha tafika kumunda, ine nditakhala pansi pamalo amene andilozera. Zonsezi sizinkadabwitsa munthu. Chimene chinandipatsa mbiri ndi kayendedwe.

Mukudziwa mmene tinaleredwera. Mwamuna amatsogola, mkazi amatsatira pambuyo ndi katundu pamutu. Koma kanjira ka kumunda n'katali, mfuti n'njolemera, ndipo chinthu cholemera mwamuna amachiika paphewa. Ikakhala paphewa, kukamwa kwake kumayang'ana kumbuyo. Ndiye amuna anga anati, "Tsogola."

Ndinati, "Ine? Anthu aziti chiyani?"

Anati, "Azinena uli moyo. Ukakhala kutsogolo ndikukuona. Wakumbuyo sindidziwa ngati waima, wawerama kapena wayandikira."

Ndinatsogola. Chizolowezi chinakula mpaka chinalowa m'tauni. Popita kutchalitchi, mfuti ili kunyumba, ine patsogolo, iwo pambuyo atanyamula buku la nyimbo. Soche yense anadziwa chifukwa chake: ndinawadyetsa kondaine. Amayi ena a mvano anandikokera pambali, osati kudzandidzudzula ayi, koma kudzafunsa kumene ndinamupeza.

Chifukwa chenicheni ndinakachiona kumudzi kwawo. Kunali mayi wina, mkazi wa atsibweni awo, wa khutu limodzi ndi chipsera chotsika mpaka m'khosi, amene ankalankhula monong'ona moyo wake wonse. Tsiku lina ali mtsikana ankatsatira amuna ake mwaulemu, monga mkazi woleredwa bwino. Amunawo anadumpha ngalande mfuti ili paphewa. Mpaka imfa yawo ankalumbira kuti munalibe kanthu. Ndiye musadere nkhawa, khutu la mayi uja linachotsedwa ndi mfuti yopanda kanthu.

Amuna anga atamwalira ndinafuna kukaipereka kupolisi kuti ndipume. Koma mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye, anabwera ndi uthenga wochokera kwa amuna ake. Akamwini anga amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni mwenimweni, pamwamba, kumene amakwera ndi chikepe. Amakhala ku Kanjedza. Ankapempha kuti mfuti ikhale m'banja, iwo azisamalira munda. Anayenda m'maofesi onse oyenera, chilolezo chinatuluka m'dzina lawo. Ndinachiwerenga ndekha, kutsogolo ndi kumbuyo. Chinali chenicheni, zimene zinandikhumudwitsa pang'ono.

Ndisawanamizire akamwini anga. Samwa mowa wogona nawo mu ngalande, samenya mkazi, ndipo ulemu ali nawo wosefukira. Mabanja ambiri m'tauni muno anasiya zopewana ndi apongozi, mpaka ena amaonera limodzi mpira pa sofa imodzi. Kwathu ndi kwawo sitinasiye. Chikwatirire mwana wanga, iwo sanandiyang'anepo m'maso. Akabwera kwanga amanjuta cha kugeti, moni n'kumaponya ngati akudyetsa galu woluma. Sitidyera pamodzi. Tikakumana pakanjira mmodzi amapatukira kutchire. Chilichonse chofuna kunena chimadzera mwa mwana wanga. Ine mwambowu ndinkaukonda kwambiri, chifukwa munthu amene sakuyandikira sakubwereka kanthu.

Atangolandira mfuti, akamwini anasanduka mlenje. Anapita pa kaunjika ku Limbe n'kugula malaya a mawangamawanga, chipewa chokhala ndi chingwe chapachibwano, ndi nsapato zoti ungakwere nazo Mulanje. Anapeza anzawo a ku ofesi amene nawonso mitima yawo inkalira tchire Loweruka lililonse. Zithunzi zinayamba kufika pa foni yanga: akamwini atagwada ndi mfuti, akamwini atatsinzina diso limodzi, akamwini akuyang'ana patali ngati amva mkango. Nkhanga sindinaioneko pa chithunzi chilichonse. Ndikukhulupirira kuti nkhanga za ku Mpemba sizinakhalepo pa mtendere ngati nthawi imeneyo.

Ndinkaseka ndekha, mpaka tsiku limene ndinapita nawo kukapalira.

Galimoto timaisiya kumsewu, kenako kanjira kamatsetsereka mpaka pakhwawa, munda uli kutsidya. Tinandandalika monga mwa mwambo: akamwini patsogolo, mwana wanga pambuyo pawo atabereka khanda, ine kutali kumbuyo monga mpongozi wodziwa malo ake. Mfuti anaitulutsa m'thumba pamsewu pomwepo, kuti odutsa aone. Sanaithyole. Anaiponya paphewa ngati khasu, dzanja lili kutsinde, mpope utagona chopingasa kuloza kumbuyo. Potsetsereka, wakumbuyo ndiye amakhala pamwamba. Choncho kukamwa kwa mfuti kunali ndendende ndi nkhope ya mwana wanga, ndipo pambali pa nkhopeyo panali kamutu ka mdzukulu wanga, kakusuzumira paphewa la mayi ake, kakusekerera kabowo kakuda kaja.

Foni ya akamwini inalira. Anaipisa m'thumba ndi dzanja linalo, mfuti ikuvina paphewa. Pakhwawa anadumpha nayo chomwecho.

Tsiku limenelo ndinapalira udzu ndi nyemba zomwe.

Madzulo ake ndinamuitanira mwana wanga kuseri kwa nyumba. "Iwe, amuna akowa mfuti amainyamula bwanji?"

"Mulibe kanthu, amayi. Amachotsa."

"Unaonamo?"

"Anandiuza."

"Oo, anakuuza. Basi tagona tulo. Tamvera, kuyambira lero uzitsogola iweyo."

Anandiyang'ana ndi nkhope imene sindinaionepo. "Kuti azindinena mmene ankakunenerani inu? Mukudziwa zimene ankandiimbira kusukulu? Ankati mwana wa mayi woyenda patsogolo. Ankati bambo ako ndi mbuzi yokokedwa pachingwe. Ine ndinalumbira ndili wamng'ono kuti amuna anga sadzasekedwa chifukwa cha ine."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ine ndinkaganiza kuti mwana ankaona mayi wamoyo wa makutu awiri, osadziwa kuti ankaona manyazi. Ndinamufotokozera za mayi wa khutu limodzi uja. Anati, "Zija zinali mfuti zakale, amayi."

Inde. Zatsopanozi zimayamba zafunsa dzina.

Popeza mpongozi salankhula ndi mkamwini, ndinatsata njira zake. Ndinapita ku Chirimba kwa mchimwene wanga, amene ndi nkhoswe ya banjalo. Anamvetsera akugwedeza mutu, nati nkhaniyi ndi yaikulu, aipititsa. Anapitadi ku Kanjedza. Anamwa tiyi wamkaka, anadya buledi wopaka, anakambirana za fetereza ndi za mpira, n'kubwerako atapatsidwa jekete. Nditawafunsa anati, "Achemwali, mwamuna ndi mfuti yake sulowererapo. Komanso wanditsimikizira kuti mumakhala mulibe kanthu."

Ndinayesa njira ina, yodzera mwa mwana. Lamulungu lina atabwera kudzandiona, akamwini atakhala pa mpando wawo cha kugeti, ndinanyamula mdzukulu wanga n'kuyamba kulankhula naye mokweza.

"Iwe kamayi, kodi ukudziwa kuti agogo ako aamuna mfuti ankaithyola akamayenda? Ukawauze anthu ena kuti khasu ndi mfuti n'zosiyana. Khasu likaloza munthu silitulutsa kanthu."

Akamwini anaseka mwaulemu, maso ali pansi, nawonso n'kuyankhira mwa khanda lomwelo. "Uwauze agogo asadandaule. Adadi anaphunzira zonse pa foni. Pali kaloko kake, ndipo mumakhala mulibe kanthu."

Khandalo linatiyang'ana tonse awiri n'kubwezera mkaka pa chitenje changa. Mwa anthu onse amene ndinawatuma, ndi lokhali limene linapereka yankho looneka.

Mawu aja, mulibe kanthu, ndinali nditawamva tsopano kwa anthu atatu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona akusuzumiramo. Sindikunena kuti akamwini ankanama. Atsibweni aja nawonso sankanama. Munthu amaiwala. Amaikamo chipolopolo poona nkhanga, nkhanga n'kuthawa, foni n'kulira, mvula n'kuyamba, iye n'kuponya mfuti paphewa ali ndi chikhulupiriro chonse. Ndinkati ndikatseka maso ndizingoona kamutu kaja kakusekerera kabowo.

Loweruka lotsatira kunali kubandira, ndipo alenje a ku ofesi anabwera atatu. Wina anavala magalasi akuda, wina ananyamula chibokosi cha zoziziritsa kukhosi, wachitatu ntchito yake inali kujambula. Atandiona ndikukwera galimoto anati, "Masteni nawonso akukasaka?"

Ndinati, "Eya, mwanangu. Ndamva kuti nyama imene mumapha imakulemerani, ndabwera kudzakuthandizani kusenza."

Anaseka, koma osati kwambiri.

Pamsewu zinachitika monga kale. Mfuti kutuluka m'thumba, paphewa, yosathyola. Akamwini patsogolo, mwana wanga ndi khanda pambuyo, alenje pambuyo pake, ine kumapeto. Titayamba kutsetsereka ndinakwinda chitenje. Ndinadutsa wa bokosi. Ndinadutsa wa magalasi. Mwana wanga ndinamukankha ndi chigongono, iye n'kunong'ona kuti, "Amayi, mukutani?" Ndinalowa pakati pa iye ndi amuna ake, pafupi moti ndinkamva fungo la sopo amene anasambira, mpope uli pamphuno panga.

Akamwini anamva mapazi achilendo. Atacheuka pang'ono n'kuona kuti ndi ine, anachita zimene mkamwini woleredwa bwino amachita: anapatukira muudzu kuti apongozi adutse. Ine ndinapatukira komweko. Anabwerera m'kanjira. Ndinabwerera nawo. Anawonjezera liwiro, nsapato zokwerera Mulanje zija zikuterereka, ine ndi mapatapata anga ndili pamsana pawo ngati nkhupakupa. Atasowa kothawira anatembenuka thupi lonse, ndipo mpope unasesa onse: wa magalasi, wa bokosi, wojambula, mwana wanga, khanda. Palibe anawerama. Wojambula anangosuntha kuti apeze poonekera bwino.

Ndinaugwira mpopewo ndi manja awiri n'kuukankhira kumwamba. Kenako ndinachita chimene sindinachitepo chikwatiwire mwana wanga. Ndinawayang'ana m'maso. Ali ndi kachipsera pachikope, sindinkadziwa.

"Bambo, thyolani mfutiyi."

Anayang'ana mkazi wawo, kufuna kuti mawu adzere njira yake. Ndinati, "Musayang'ane uko. Ndikulankhula ndi inuyo. Thyolani."

"Amayi, mulibe kanthu."

"Ndamva. Thyolani."

Anaitsitsa paphewa, ine ndisanausiye mpope, n'kuithyola. Ndinasuzumiramo.

Ndikudziwa chimene mukudikira. Mukufuna ndinene kuti munali chipolopolo, alenje anagwa pansi ndi mantha, akamwini anagwada n'kulira, ndipo Soche yense anabwera kudzandipepesa. Inenso ndikanakonda. Munalibe kanthu. Ndinaona thambo la ku Mpemba mbee, ndi kamtambo kakudutsa.

Wa magalasi ndiye anayamba kuseka. "Aaa, masteni! Mwatiopsezatu ulere. Akuluakulu, apongozi anuwa ndi kazitape!"

Wa bokosi anati, "Mwaona nokha, agogo. Tiyeni tizipita, dzuwa likukwera."

Mwana wanga anali ataphimba kukamwa ndi nsonga ya chitenje. Akamwini anatseka mfuti ija kuti khatha, nkhope ili gwa, n'kuyamba kuikwezanso paphewa. Ndinaugwiranso mpope.

"Dikirani. Popeza mulibe kanthu, ndipo tonse taona, ndilozeni nayo pachipumi apa. Tiyende choncho mpaka kumunda, ine chambuyo, inu mukundiloza."

Musaganize kuti ndine wopusa. Ndinkalankhula manja anga onse awiri atauloza kumwamba, ndipo sakanautsitsa popanda kundithyola zala.

Anati, "Amayi, sindingachite zimenezo."

"Chifukwa? Mulibe kanthu."

"Sindingaloze munthu ndi mfuti. Makamaka inu."

"Zikomo kwambiri chifukwa cha ulemu. Ine nkhalamba yotha mano simungandiloze. Koma mwana wanga ndi mwana wanu mwawaloza kuchokera kumsewu, tsiku lopalira lija munawaloza mpaka kudumpha nawo khwawa, ndipo simunaone vuto chifukwa anali kumbuyo kumene kulibe maso anu."

Ngakhale wa bokosi anatula bokosi lake. Akamwini anayang'ana mkazi wawo, kenako khanda, limene linali litatambasula kadzanja kufuna kugwira chingwe cha chipewa chawo. Anaithyolanso mfuti ija, n'kuikoloweka pamkono kukamwa kutaloza pansi, n'kutembenuka kubwerera kugalimoto. Tsiku limenelo sitinabandire. Ananditsitsa pageti, ndipo mwana wanga sanatsike kudzandiperekeza m'nyumba.

Wojambula uja sanagone pa ntchito yake. Pofika Lachinayi, kumvano, mayi wina anandionetsa pa foni yake gogo wamisala akuthamangitsa mkamwini wake muudzu. Anali ataikamo ndi kanyimbo. Mbali yoti ndikulankhula anaidula, mwina inali yosasangalatsa. Ku ofesi kwa akamwini, ndinamva, anthu ankati akawaona akubwera amapatukira kukhoma n'kuwomba m'manja.

Mchimwene wanga wa ku Chirimba, amene miyendo yake inkalemera pa nkhani ya mfuti, ulendo uno anafika m'mamawa, atavala jekete lija. "Achemwali, mwalakwitsa zedi. Kumugwira mkamwini? Kumuyang'ana m'maso? Pamaso pa anzake? Akwawo akwiya. Pakufunika nkhuku, mukapepese."

Ndinati, "Nkhuku ndipereka, chifukwa mwambo ndauswa ndipo ndikuudziwa. Koma mukawauze kuti nkhukuyo ndi ya maso amene ndinawayang'ana. Mawu aja alibe nkhuku."

Anatenga nkhuku. Ngati inafika ku Kanjedza kapena inathera ku Chirimba, amadziwa ndi Mulungu.

Kuyambira pamenepo Lamulungu langa linakhala lalitali. Mpando wa cha kugeti ndinkautulutsabe, n'kuubweza madzulo. Foni ya mwana wanga inkangoitana. Ikayankhidwa, anali mawu a munthu wa pa ofesi: tili bwino, mwana ali bwino, tatanganidwa. Chimene chinkandidya sichinali mkwiyo wawo. Munthu wokwiya amakhala kuti ali moyo. Chinkandidya n'chakuti kumunda ankapitabe Loweruka, popanda ine, ndipo sindinkadziwa amene ali kumbuyo kwa ndani. Munthu wochititsidwa manyazi amatha kusintha, komanso amatha kuumirira kuti aonetse kuti sanalakwe. Ndinkadziwa kuti mwana wanga ali ndi mutu wa bambo ake.

Chimanga chitayamba kutulutsa ndevu, kunabwera mlendo pageti. Anali bambo amene munda wake unagundana ndi kanjira kathu kaja, munthu amene takhala tikukangana naye za malire chiyambire. Sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Mayi, ndabwera ndi dandaulo. Ana anu akundiwonongera mbewu."

"Aba chimanga?"

"Bola akanaba. Akupondaponda mizere yanga. Kanjira kaja n'ka munthu mmodzi, makolo athu anakasiya choncho. Koma iwo akuyenda awiri, phewa ndi phewa, ngati ali pa ukwati. Mwamuna m'kanjira, mkazi m'mizere mwanga. Mzere wonse wa m'mphepete wagona, nyemba zatha."

Ndinagwira geti. "Mwawalankhula?"

"Ndinawalankhula! Ndinati mayi, tsatirani pambuyo pa amuna anu ngati anthu. Mwamunayo akuti ayi, kumbuyo kwanga sikuyenda munthu. Ndinati basi tsogolani. Mkaziyo akuti ayi, ine sinditsogola mwamuna. Ndiye amene akulipira ukwati wawowo ndine, ndi nyemba zanga."

"Nanga mfuti?"

"Imeneyonso inawonongeka kaya. Amangoyenda nayo yothyoka pamkono, yoloza pansi. Pakhwawa amaima, kusuzumiramo, kupatsira mkazi, kudumpha, kulandiranso. Mpaka dzuwa kutentha. Anzawo a magalasi aja anasiya kubwera, akuti sizikukomanso."

Bambo ameneyo sindinamupatsepo ndi madzi omwe chiyambire. Tsiku limenelo ndinamufululira tiyi, ndinamuikira shuga ndi dzanja langa, n'kumulonjeza nyemba zanga zonse za chaka chino. Anamwa akundiyang'ana mokayika, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Koma mawu a munthu ndi mawu a munthu. Lachiwiri lotsatira ndinakwera minibasi ndekha mpaka ku Mpemba, ndinatsika ndi ndodo yanga kanjira kaja. Mvula inali itagwa Loweruka. M'matope munali mapazi a nsapato zazikulu zokwerera Mulanje, ndipo kudzanja lamanja kwake, pamwamba pa mzere wophwanyika wa bambo uja, munali timapazi ta nsapato za pulasitiki, chidendene cha kumanzere chopendekera kunja. Amaponda choncho chibadwire. Ndinawatsatira mapaziwo mpaka pakhwawa. Sanasiyane paliponse. Ndinakhala pamwala kanthawi, ndipo zimene ndinachita pamenepo si nkhani yanu.

Mpaka lero sanabwere. Mwana wanga akuti ndinamuvula pagulu, ndipo mwina n'zoona. Akamwini akuti sakudziwa kuti adzandiyang'ana bwanji, ngati kuti ankandiyang'ana kale. Ndamva kwa amayi a mvano kuti mdzukulu wanga wayamba kuyenda, akuti amagwira mipando. Makutu ali nawo awiri. Ndinafunsa.

Ndiye ndili kuno ku Soche, m'munsi mwa phiri, ine ndi mpando wopanda wokhalapo. Mawondo ayamba kukana, ndipo tsiku lina ndinaterereka kubafa n'kukhala pansi nthawi yaitali ndikuwerenga malata, popanda wodziwa. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamadutsa dera lino mudzandizonde. Mukafunsa za mayi woyenda patsogolo, aliyense wamkulu akulozerani. Mugogode, mutchule chimene mwadzera, ndipo muime poti ndikuoneni manja onse awiri. Musanene kuti "ndine", aliyense ndi ine. Zakudya zophikaphika musavutike nazo, sindidya chimene sindinaone chikuphikidwa. Mukaona kuti ndachedwa kuyankha, musachoke, muitane aneba.

Ndipo mukakumana cha ku Kanjedza ndi banja loyenda phewa ndi phewa, lotsekereza njira ngati ndi ya bambo awo, musanene kuti ndakutumani. Mungotchula, ngati nkhani yongodutsa, kuti Lamulungu masana loko wa pageti langa ndimangomukoloweka osatseka. Akuba musasangalale, ndimakhala ndili pawindo.